Nyerere Zikasenza Mazira

Lolemba, 4 Ogasiti

Tsiku loyamba pa kampu ya ozimitsa moto wa m'nkhalango. Ophunzira tilipo asanu ndi awiri, mkazi ndine ndekha. Otsala pantchito adzakhala anayi basi. Mayina adzawerengedwa Lachisanu pa 22. Tsikulo ndalilemba pachikuto cha kope lino, ngati kuti ndingaliiwale.

Chipinda: bedi lachitsulo, msomali umodzi pakhoma, zenera loyang'ana mitengo ya paini mpaka pamene maso alekezera. Andipatsa ovolosi yachikasu, chipewa cholimba, magolovesi, ndi jombo zoti tingalowemo ine ndi mwana wanga yemwe. Ndaikamo nyuzipepala.

Akapitawo ndi bambo wachikulire, wolankhula motsitsa, chipsera kuchokera kukhutu mpaka m'khosi. Mnzathu wina wamtali, wapakamwa kwambiri, amene aliyense wayamba kale kumutchula Wamtali, anawafunsa za chipseracho. Anati ndi moto wa chaka chatha, unayambira pa uvuni wa makala umene mwini wake anausiya n'kupita kukamwa. "Owotcha makala ndi amene amatidyetsa utsi kuno," anatero. Atangomaliza anayamba kutifunsa mmodzimmodzi za kwathu. Itafika pa ine ndinati bambo anga ndi mlimi.

Bambo anawotcha makala zaka makumi atatu. Sukulu yanga yonse inatuluka m'matumba a makalawo. Koma bodza linatuluka losalala ngati ndinachita kulikonzekera. Manyazi andigwira. Malo ndikuwafunanso. Otsala amapatsidwa nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa ofesi, ndipo mwana wanga, amene ali kwa achemwali, ndinamulonjeza kuti chaka chamawa tikhala limodzi.

Lachiwiri, 5 Ogasiti

Kuyenda mtunda ndi chigubu cha madzi kumsana. Malita makumi awiri, makilomita asanu. Ndafika womaliza. Matuza awiri pachidendene chakumanzere. Walira mvula walira matope.

Masana anatipatsa chomenyera moto: ndodo yaitali, kunsonga chilabala chophwatalala. Sumenya ngati ukupha njoka, ukatero moto umangoulukira pena. Umakanikiza n'kukoka. Ine ndimakoka ngati ndikusesa pakhomo, ndiye Wamtali wandipatsa dzina lakuti Tsache. Pofika pa chakudya chamadzulo ngakhale wophika amandiitana choncho. Silikundipweteka. Kuli mayina oipa kuposa limeneli.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Phunziro la phulusa. Malawi a moto akazima ntchito siinathe, ndiye yangoyamba. Mumayenda m'mphepete monse mwa pamene papsa, mutawerama, golovesi mutavula, n'kumakhudza phulusa ndi kumbuyo kwa dzanja. Osati chikhatho. "Chikhatho n'chokhakhala, chimanama," anatero akapitawo. "Kumbuyo kwa dzanja sikudziwa bodza." Ndinayang'ana pansi.

Anzanga amadabwa ngati n'zachilendo. Ine ndinaziona ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Bambo akuzungulira uvuni m'mawa, dzanja chagada pa dothi, mphuno m'mwamba. Utsi woyera, nkhuni zikadali kuuma. Utsi wabuluu, moto wayamba kudya makala. Pakamwa panandiyabwa kuti ndinene. Ndinaluma lilime.

Akapitawo anaima pambali panga nthawi yaitali ndikugwira phulusa. Kenako anangopita kwa wina.

Lamlungu, 10 Ogasiti

Kunyumba kwa achemwali. Mabasi awiri. Mwana wakula m'sabata imodzi, kapena ndi maso angawa. Anavala chipewa changa cholimba, chinamuphimba mpaka pachibwano, n'kukagunda chitseko. Alamu anaseka mpaka misozi.

Bambo, amene amakhala komweko, ali pakhonde ndi chifuwa chawo chosatha. Makala anawasiya zaka zitatu zapitazo koma makalawo sanawasiye iwo. Anatenga jombo zanga, kuzitembenuza, kuzigogoda ndi chala ngati akugula. "Mwana wa wowotcha wasanduka wozimitsa," anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anafunsa ngati akuluakulu anga akudziwa kuti ndine mwana wa yani. Ndinati tiyi wawo wazizira, n'kuthawira kukhitchini ndi kapu.

Anakakamira kundiperekeza ku basi. Pang'onopang'ono, kupuma pa mtengo uliwonse. Ndinawauza za kumbuyo kwa dzanja. Anavomera ndi mutu, koma anati dzanja limamva moto wa pamwamba wokha. Moto ukalowa mu muzu umayenda pansi ngati mfuko, masiku atatu, anayi, n'kukatulukira kumene sukuganizira. "Uziyang'ana nyerere, mwana wanga. Zikatuluka masana zitasenza mazira, pansi patentha." Ndinangoti eya bambo, maso ali kumsewu.

Lachitatu, 13 Ogasiti

Kulambula njira yotchinga moto tsiku lonse. Khasu, chikwanje, reki. Mamita anayi mulifupi, dothi lokhalokha, pasatsale ngakhale tsamba. Ntchito yake siisiyana ndi kulima, kungoti sudzalapo kanthu. Wamtali anati, "Tsache, mwana wa mlimi iwe, tiphunzitse kagwiridwe ka khasu." Ndinaseka nawo.

Kuyendanso ndi chigubu. Ndafika wachisanu ndi chimodzi, ndipo amene ndamupitirirayo anali ndi m'mimba. Ndikawerenga pa zala, mwa anayi aja ine mulibe.

Nditaweruka ndinakhala pa masitepe a nsanja yoonera utsi, jombo nditavula, kumvera mphepo m'mapaini. Kuno kumakhala phee wokoma. Utomoni ukununkhira, mbalame ziwiri zitatu, basi. Ndakukonda, ndiye vuto lakelo.

Lolemba, 18 Ogasiti

Sindinalembe. Moto weniweni, kuyambira Lachisanu masana mpaka dzulo. Kuseri kwa phiri. Chouyambitsa sichikudziwika, ndipo mtima unakhala pansi nditamva kuti palibe amene watchula uvuni.

Ife ophunzira anatiika kumbuyo, kunyamula madzi ndi kumenya timoto todumpha njira. Phokoso lake sindimaliyembekezera, ngati malole ambiri akudutsa pa mlatho. Mantha ndinali nawo, koma manja amangogwira okha. Njira yathu ija inaugwira motowo. Palibe wovulala.

Mamina akuda mpaka lero. Nsidze za Wamtali zapita, akuoneka ngati munthu wodabwa nthawi zonse. Iye akuti atsikana amakonda zotero.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Tsiku lachitatu loyenda m'phulusa. Aliyense gawo lake. Langa lozizira. La Wamtali lozizira, anatero yekha, ndipo sananame, ndinagwiranso ine. Akapitawo anali ataitana kale galimoto pa wailesi kuti tatseka.

Ndinakhala pansi kumanga chingwe cha jombo, tsidya la njira, mbali yosapsa. Nyerere. Mzere wakuda ukutuluka padzenje pafupi ndi tsinde la paini, iliyonse kadzira koyera kukamwa, dzuwa lili paliwombo. Moyang'anizana, mbali yopsa, chitsa chachikulu cha m'gawo la Wamtali. Mawu a akulu akoma akagonera.

Ndinagwira dothi. Lozizira. Ndikanatha kungokwera galimoto.

Ndinati bwana, pansi pano pali moto. Anyamata kuseka. Akapitawo anavula golovesi, kugwira, kusendera, kugwiranso. Anati palibe kanthu, ndadziwa bwanji? Ndinaloza nyerere. Anati zimenezo wandiuza ndani, poti m'buku mulibe? Maso onse pa ine. Ndikanati ndinamva pa wailesi. Ndikanati aphunzitsi akusukulu. Ndinati ndi bambo anga, ankawotcha makala, si mlimi ayi, ndinanama tsiku lija.



Akapitawo anatenga khasu langa n'kuyamba kukumba okha. Kufika m'bondo, dothi lofunda. Kupitirira pang'ono, utsi. Muzu wonenepa ngati ntchafu, wofiira m'kati, utadutsa kale pansi pa njira yathu yonse, kutangotsala mkono umodzi kuti utulukire m'masamba ouma. Tinakumba mpaka dzuwa kupendeka. Zigubu zisanu ndi zitatu zinathera pamenepo.

M'galimoto sanandiyang'ane. Dzanja lawo linali pachipsera njira yonse.

Lachinayi, 21 Ogasiti

Kutsuka mapaipi ndi kunola makasu. Palibe wondiyankhula za dzulo, kupatula Wamtali amene anandisungira buledi. "Kaya wandipulumutsa kaya wandimiza, sindikudziwa, koma idya," anatero.

Ndalongedza chikwama lero kuti mawa ndisalongedze anthu akuonerera. Wonama tsiku loyamba, wochedwa ndi chigubu, mwana wa wowotcha makala. Ndikanakhala ine kapitawo, munthu wotere sindikanamutenga. Nyumba ija ndaizungulira kamodzi, kusuzumira pazenera. Pamene ndimafuna kudzaika bedi la mwana pali matayala akale.

Chodabwitsa, mtima uli m'malo. Masabata atatu ndayenda ngati muli kamwala m'jombo, lero mulibe. Ndinaimbira foni achemwali, ndinangofunsa za mwana. Kuti andipatse bambo ndinaopa.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Mayina anawerengedwa pabwalo tili pamzere. Wamtali wachiwiri. Dzina lachitatu silinali langa. Polengeza lomaliza akapitawo sanayang'ane papepala, ndipo sanatchule dzina la pachiphaso. Anangoti Tsache. Anthu kuseka, ine kulira ngati mwana, ndi mamina akudawo.

Anandiitanira mu ofesi. Bodza sanaliiwale, ndiye mapaipi ndi anga mwezi wonse. Chigubu ndizisenza m'mawa uliwonse mpaka ndifike wachitatu. Ndinati chabwino bwana. Kenako anasisita chipsera. Anati zaka makumi awiri akuyenda m'phulusa, nyerere amangoziponda. "Ukawafunse bambo ako ngati angabwere Lachiwiri adzatiphunzitse. Galimoto ikawatenga pakhomo."

Ndinaimbira bambo foni nditakhala pa masitepe a nsanja. Ndinawauza zonse, ndi bodza lomwe, kuyambira tsiku loyamba. Anangotsokomola. Ndinaganiza kuti akwiya, ndipo chifukwa anali nacho. "Ndinadziwa tsiku la tiyi wozizira lija," anatero, basi.

Kenako foni anaiiwala m'manja. Ndimawamva akuitana achemwali kuti awatulutsire malaya oyera aja a m'sutikesi, awasite msanga.

Lero ndi Lachisanu. Galimoto ndi ya Lachiwiri.