Thabwa la pa Khwawa

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Lamya ya imfa yanu inandipeza m'kalasi kuno ku Kitwe, ndikuphunzitsa ana aang'ono za milatho. Ndinali nditagoneka rula pa njerwa ziwiri n'kumangirirapo mwala pakati, ndipo inapindika. Nditaiimika chammbali, mwala womwewo sunaipinde. Ana akuombera m'manja, a hedimasitala analowa ndi kapepala ka lamyayo. Ndinatuluka phunziro lisanathe, ndipo pofika ku Dedza n'kuti atakuikani kale.

Munkakonda kunena kuti mwana ukamuuza theka, theka linalo amapeka yekha. Ndili kumaliro, ana aja anapita pa khwawa limene amawoloka pobwera kusukulu. Pamenepo pali thabwa limodzi lalitali, lotayidwa ku mgodi. Analiimika chammbali n'kulitchinga ndi miyala, ati lilimbe monga ananenera aphunzitsi. Kulimba linalimbadi, koma popondapo panachepa ngati zala zitatu. Mdzukulu wanu Esinati anaterereka n'kuthyoka dzanja. Mwayi wake madzi anali ochepa.

Makolo sanandikalipire. Amangondipatsa moni m'Chibemba, maso ali kumbali.

Nditabwerera ndinamaliza phunziro lija. Ndinawaonetsa kuti thabwa likasenza katundu, pamwamba pamapanikizika, pansi pamakokeka, ndipo mlatho wabwino umafuna matabwa awiri oimika, ena aafupi n'kukhomera pamwamba kuti phazi lipeze malo. Amva, ndipo aliyense wabweretsa kachidutswa ka thabwa ndi misomali yowongola. Chikusowa ndi thabwa lachiwiri lalitali. Bambo wina wogwira ntchito pansi pa mgodi analonjeza kufunsa kwa kapitawo wake, koma mpaka lero zii. Lakale lija taligonekanso, ndipo tsopano ndikuona mng'alu umene kale sindinkauona.

Mpongozi wanu Nabanda ndi woyembekezera, chimanga cha kuseri kwa nyumba chamera bwino. Anthu akuti Chitaganya chikatha, ife a ku Nyasalande mwina adzatibweza kwathu. Zimenezo sizindisowetsa mtendere ngati mitambo. Mvula yayamba, Amayi, ndipo khwawa likukwera. Mabuku onse amene ndawerenga sakundiuza tsiku limene thabwa long'aluka limathyoka.

M'mawa uliwonse ndimaima pakhwawapo n'kuwawolotsa mmodzimmodzi, Esinati pomaliza, dzanja lake lili pa nsalu yokoleka m'khosi. Ndikulonjeza kuti sindidzachokapo mpaka mlatho utakhomedwa. Pakali pano tili ndi thabwa limodzi, ndi chitini cha misomali.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Wilisoni