Botolo lachitsulo pakhomo la fiyeta

Achimwene,

Moni ku Joniko. Kuno ku Sadzi tili bwino, ndipo amayi anawachotsa chotupa chija Lachiwiri.

Powaperekeza ku fiyeta, ndinaona adokotala ogonetsa odwala akutsegula chibotolo chachitsulo, chonga cha owotcherera a ku Likangala, n'kumvetsera kulira kwake. Ndinafunsa, "Muwotcherera chiyani pa amayi anga?"

Anaseka. "Ndi mpweya uwu, chemwali. Wam'mapaipi ukatha iwo ali m'tulo, nditsegula uwu. Nawonso ukatha, ndiwapopera ndi chithumba ichi pamanja mpaka adzuke."

Mpweya kutha? Chonsecho timangopuma waulere! Kaya, mwina ndine wosadziwa. Koma amayi anadzuka, akufunsa kale za nkhuku zawo.

Mundifunsireko ngati kumenekonso mpweya umatha. Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati