Kanema wa Malemu Sakuoneka

Bambo a Cátia,

Musakhudze chilichonse, ndapota nanu. M'mawa ndinati ndizire pabalaza alendo asanafike, ndiye ndinazula zingwe zonse kuseri kwa televizau n'kutulutsa komputadori pakhonde. Nditabwezera, komputadori ikuyaka bwinobwino, koma televizau yangoti bii, ikungolemba "Sem sinal", kuti palibe chomwe ikulandira. Chingwe chakuda chija cholumikiza komputadori ndi televizau ndachiyesa m'mabowo onse atatu, ndauzira fumbi, ndadina mabatani a komandu ya televizau mpaka chala kuwawa. Ayi ndithu.

Mtima suli m'malo. Mawa abale anu akubwera kuchokera ku Nsadzo kudzaonera kanema wa malemu apongozi akuimba kutchalitchi, ndipo mawu awo anatsala m'komputadorimo mokha. Ngati ndawafufuta, alamu anga a Albertina ndiwayang'ana bwanji kumaso?

Ndakwera njinga ya mota, ndapita ku Cassacatiza kwa a Arlindo okonza mafoni aja. Chingwecho ndatenga, chifukwa kumutu kwake kwapindika. Kapena ndinachiponda, sindikudziwa.

Pepani. Pansi sipanaume, muziyenda cham'mbali. Alamu akaimba foni, muwauze kuti zonse zili bwino, kenako mugwade mupemphere kuti lisakhale bodza.

Ine,
Lurdes