Phewa Lamanzere la Ning

Lolemba, 3 Epulo

Mwana wanga Ning wayimba foni m'mawa ine ndikuthirira nyemba kuseri. Akuti zatheka, amukweza. Ukaputeni watha, tsopano ndi adimiralo, nyenyezi imodzi paphewa. Amuika ku likulu la asilikali a pamadzi ku Washington, ofesi yoona za anthu. Ndani akwere sitima iti, ndani apite kusukulu, ndani akhale pomwe ali.

Ndinati wachita bwino mwananga. Mawu anatuluka ouma ngati nsomba ya padzuwa.

Kenako akuti, "Ababa, mwambo uli Lachisanu pa 14. Nyota za pamapewa amaveka achibale. Lamanja aveka Garrett, lamanzere inu." Garrett ndiye mwamuna wake.

Ndati ndiona. Mayi ake, malemu Remy, akanakhalapo bwenzi atalira mpaka aneba kubwera kudzafunsa. Ine ndangotseka mpopi.

Lachiwiri, 4 Epulo

Mvula. Bondo. Sindinatuluke.

Lachitatu, 5 Epulo

Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinaveka anthu nyota. Ndinalembedwa usilikali wa pamadzi wa Amereka kwathu ku Cavite ndili mnyamata, sukulu nditalekeza panjira, ndipo masiku amenewo ife a ku Philippines ntchito inali imodzi basi. Jekete loyera. Kuperekera mabwana zakudya, kuwayalira pogona, kupolisha nsapato, kusita yunifomu n'kumangiriratu nyota zake kuti bwana akadzuka angolowetsa manja.

Nthawi ya chakudya iwo ankaima kumbuyo kwa mipando, kudikira mwini tebulo akhale, ndiye onse n'kukhala. Ife kukhoma, manja kumbuyo. Kudya kwathu kunali choimirira, m'kachipinda ka mbale. Mpaka lero ndimadyera pasinki chiimire. Remy anayesetsa mpaka kulowa m'manda osandisintha.

Ndiye mwana wanga akufuna ndikaime pamaso pa mabwana odzaza holo, ndikaveke ofesala. Iye akuti ndi ulemu. Ine ndikuona ntchito yanga yakale yomweyo, kungoti ulendo uno kuli makamera.

Lachinayi, 6 Epulo

Kwa Pidyong masana. Tinanyamulira limodzi mathireyi pasitima imodzi, pano tonse tikukalambira muno mu Norfolk. Ndamupeza akukazinga nthochi m'galaja, mkazi wake amaletsa mafuta m'nyumba.

"Amwene, inu kubereka adimiralo? Ndi mutu umenewo? Nzeru anatengera kwa malemu, musadzinamize."

Ndati nyenyezi imodzi ku likulu si kanthu, kumeneko a nyenyezi imodzi ndiwo amatsegulira chitseko a nyenyezi zitatu.

"Ndiye bola, zitseko zili m'magazi," akutero, n'kuseka mpaka kutsokomola. Atapuma akuti akanakhala mwana wake, bwenzi atanyamula nkhumba yowotcha mpaka ku Washington pamutu. Wake amagulitsa magalimoto ku Nevada, amayimba pa Khirisimasi.

Sindinamuuze kuti mwina sindipita.

Lachisanu Loyera, 7 Epulo

Pobwera ku tchalitchi ndapeza uthenga wa Ning. Wodzamulumbiritsa ndi Tolliver.

Mwa anthu onse a m'dziko lino.

Nthawi imene anatsegula khomo kuti ifenso operekera zakudya tithe kusintha ntchito, ine ndinafuna mainjini. Ndinkawamva bwino, ndikapuma ndinkatsikira pansi kukathandiza anyamata a mafuta. Chimene chinkafunika n'chakuti ofesala wondiyang'anira avomere. Anali T. ameneyu, kaofesala ka mizere iwiri, ndevu zisanalimbe n'komwe. Anaseka, n'kundisisita paphewa. "Cleto, ukapita ku mainjini, khofi wanga azipanga ndani?" Nkhani inathera pomwepo. Anzanga ena anapita, ine ndinatsala ndi thireyi mpaka penshoni.

Iye anakwera mpaka nyenyezi zitatu. Ndipo dziko n'laling'ono, Ning ali wamng'ono pantchito anakakhala womuthandizira mu ofesi. Amati ndi T. amene anamukankhira patsogolo. Atate kuwatsekera, mwana kumutsegulira. Ndimuthokoze kapena ndimulavulire?

Lero n'losala kudya. Sizinandivute.

Lamulungu la Pasaka, 9 Epulo

Abwera, Ning ndi Garrett. Misa, kenako mpunga ndi adobo, ndiwo ya nyama ya kwathu. Ning wayala tebulo la mayi ake, mbale zitatu. Ine ndatenga yanga kupita nayo pasinki.

"Ababa, khalani pansi."

"Ndikudya bwino pompano."

Ndamuuza za T. Sanandilole n'kumaliza komwe. "Nkhani ya khofi ndikuidziwa, Ababa. Munayamba kundiuza ndili ku pulayimale."

"Ndiye ukuidziwa koma wamuitanabe?"

"Anakulakwirani. Ine anandithandiza. Zonse ziwiri n'zoona, nditani nazo?"

Ndati basi akuveke T. wakoyo, ine ndinaveka okwanira. Ndati sindipita kukachita uboyi pamaso pake nditakalamba chonchi.

Waika foloko pansi. Nkhope ya mayi ake yeniyeni. "Uboyi? Mukuona ngati ndikufuna wondisitira malaya? Iye ntchito yake n'kuwerenga lumbiro. Bambo ndili naye mmodzi. Mukapanda kubwera, phewa limenelo likhala lopanda kanthu, ndipo ndijambulitsa choncho."

Garrett nthawi yonseyi akutsuka poto mmodzi yemweyo, ngati wogontha. Mwana wabwino, kungoti amadya adobo ndi buledi.

Pochoka Ning watenga dzanja langa n'kuligunditsa pamphumi pake monga anazolowera, ulemu wa kwathu. Galimoto itapita ndapeza kabokosi kakuda pasinki, pomwe ndimaika mbale yanga. Wandisiyira nyota ya kumanzere. Ina ya phewa limenelo alibe.

Lolemba, 10 Epulo

Kabokosi kali pomwepo. Ndadya mochita kukalambalala.

Lachiwiri, 11 Epulo

Ndatsegula. Nsalu ya golide, nangula, kanyenyezi kamodzi ka siliva. Zoterezi ndinagwirapo zambiri, koma za ena.

Ndayesa pa jekete langa lakale nditalipachika pampando. Zala zikukumbuka njira, koma zikunjenjemera. Kabatani kakundipulumuka. Kale ndinkamanga sitima ikuyendayenda pamafunde, osayang'ana n'komwe. Tsopano pansi pali phee, manja ndiwo ali ndi mafunde.

Ndatopa. Si kuti ndavomera, ndimangofuna kuona.

Lachitatu, 12 Epulo

Pidyong watulukira osagogoda, barong yake, malaya aukwati a kwathu, ili pa hang'ala. Ning anamuyimbira, n'zoonekeratu.

"Yanu ija inadyedwa ndi njenjete, ndinaiona pamaliro. Valani iyi. Mimba yanu ndi yanga n'zapachibale."

Ndati sindinanene kuti ndikupita.

"Ndiye katumizeni pa positi kanthuko, ngati ndinu mwamuna." Waloza kabokosi. "Amwene, Tolliver pano ndi nkhalamba ngati ife. Amadzuka kukataya madzi kangapo ngati ife, amaiwala pomwe waika magalasi. Inu mwamusunga mumtima ali mnyamata, mukumudyetsa tsiku ndi tsiku. Nanga iye akudziwa kuti amakhala kwanu?"

Ndamuuza kuti atuluke. Watuluka atamwa khofi makapu awiri. Barong waisiya pachitseko.

Lachinayi, 13 Epulo

Garrett anabwera kudzanditenga. Msewu wautali, magalimoto ngati nyerere. Kabokosi m'thumba la malaya, ndimangokagwiragwira. Hotela, bedi lofewa mopitirira muyeso. Msana.

Ning anangosuzumira mwachidule, akuthamangira misonkhano. Waona barong pa hang'ala. Wangondifinya mkono.

Lachisanu, 14 Epulo

Zachitika. Miyendo siikundilola. Ndilemba mawa.

Loweruka, 15 Epulo

Likulu ndi makonde okhaokha. Zithunzi za akuluakulu m'makoma, onse nkhope imodzi. Pachipata anandipatsa kakhadi kovala pakhosi kolembedwa kuti mlendo. Mlendo, ine amene ndinachapa zovala za gulu limeneli.

Holo yodzaza zoyera. Mizere inayi, mizere itatu, nyenyezi apa ndi apo. Maso anga ankangowerenga mapewa okha, chizolowezi, kuti uyu ndiye woyamba kumuthirira madzi, uyu wachiwiri.

T. anabwera kwa ine yekha, ndi ndodo. Wafupika. Khosi latsala zikopa zokha. Ndinali nditakonza mawu panjira yonse, koma anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "A Magsino! Khofi wanu sindinamuiwale mpaka lero."

Anali akumwetulira ndi mtima wonse. Sakudziwa. Zaka zonsezi sakudziwa kalikonse. Ndinangoti zikomo bwana. Bwana! Linatuluka lokha, ndinafuna kudziluma lilime.

Lumbiro anawerenga mawu akunjenjemera. Kenako anatiitana. Garrett anamaliza lake msanga. Ine kabatani kanandipulumuka kawiri, holo yonse ili zii. Ning analankhula chapansipansi osatembenuza mutu, "Musafulumire, Ababa, sitima siinyamuka." Kachitatu kanalowa. Ndinasasa paphewa pake ndi dzanja, ngati pali fumbi. Anthu anaomba m'manja. Sindikudziwa chimene ndinamva. Kutopa, makamaka.

Atatha zojambula, abwana ake atsopano a nyenyezi zitatu anathamangira ku msonkhano, ife anatilowetsa m'chipinda chodyera. Tebulo lalitali, nsalu yoyera, mafoloko atandandalikidwa bwino ndithu, ndinayang'ana. Mwini tebulo dzulo anali Ning. Makaputeni ndi ena a mu ofesi yake yatsopano aliyense anakaima kumbuyo kwa mpando wake. T. nayenso, atatsamira ndodo.

Ine miyendo inanditengera kukhoma. Sindinaganize. Ndinangopezeka ndili pafupi ndi chitseko cha kukhitchini, manja kumbuyo, ndikudikira kuti akhale.

Palibe anakhala.

Ndinadikira. Iwonso anadikira. Wina anatsokomola. Ndinayang'ana Ning kuti nanga bwanji sakukhala, anthu akumudikira. Anali ataima, dzanja lili pa mpando wa kumanja kwake, ataukokera kunja pang'ono, maso ali pa ine. Kwathu mwana sakhala patebulo bambo ake ali chiimire. Ndinamuphunzitsa ndine, kapena Remy, kaya. Kunyumba ndimamuzemba ndi sinki yanga. Apa panalibe sinki.

Ndiye onse ankadikira adimiralo, adimiralo ankadikira ine, ine ndinkadikira onse.

T. ndiye anayamba kulephera. Ndodo inali ikugwedera. "A Magsino," anatero, "tichitireni chifundo. Bondo langali silingathenso. Mukapanda kukhala inu, tonse tifera pano."

Anthu anaseka pang'ono, mwaulemu.

Sindinathamange. Kuchoka kukhoma kufika pampando si patali, koma ndinayenda ngati munthu wa bondo lake, ndipo bondo ndili nalodi. Ndinadutsa kumbuyo kwa makaputeni onse. Ndinadutsa kumbuyo kwa T., ndikumva akupumira m'mwamba. Ndinakonza barong ya Pidyong kuti isakwinyike.

Ndinakhala. Ning anakhala. Kenako mipando yonse inakokedwa pamodzi, phokoso lija kale ndinkalimvera kukhoma.

Khofi wawo anali wamadzimadzi, wongofunda. Ndinamwa yense.