Chithunzi Changa Chatuluka M'nyuzipepala

Ku esiteti ya tiyi,
Thyolo.

Okondedwa amayi,

Kuno kuli mvumbi chiyambire m'mawa, ndipo phiri silikuoneka chifukwa cha nkhungu. Tsopano ndi masana. Anthu abwera kale kutchalitchi, koma ine sindinapiteko. Ndakhala pafupi ndi chitseko pamene pakulowa kuwala, Mwai akugona kumbuyo kwangaku.

Kaya inu muli bwanji kumudziko? Mwendo uja unasiya kutupa? Nanga chimanga chinapulumuka kumphepo ija tinamva pawailesi kuti inaononga ku Phalombe? Ine ndi mdzukulu wanu Mwaiyu m'thupi tili bwino, ka chimfine chabe. Koma mtima wanga suli m'malo, amayi.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Makoma a nyumba za kukomboni kuno ndi opyapyala, ukayetsemula mnansi amati pepani. Komanso mukundidziwa, ndikafuna kuyankhula za mumtima mawu amandithera pakhosi. Muuze m'bale wanga Angella akuwerengereni muli awiriwiri.

Nkhani yake ndi iyi. Mu Disembala, tiyi ataphuka bwino, kunabwera alendo ochokera ku Blantyre, kusukulu yaukachenjede yophunzitsa za bizinesi. Anali mtsikana wamsinkhu wanga dzina lake Tikhala, ndi aphunzitsi ake, bambo amagalasi amene onse amawatchula adokotala ngakhale si akuchipatala. Amati akuchita kafukufuku wa masizasi atsopano odulira tiyi amene anatipatsa ena a ife kuti tiyeserere. Si sizasi ya telala ayi. Ndi chida chachikulu, chogwira ndi manja awiri, chokhala ndi kabokosi kogweramo masamba. Alendowo amafuna kuona kuti munthu mmodzi angadule tiyi wochuluka bwanji ndi chimenechi, poyerekeza ndi kuthyola pamanja.

Akapitawo athu, a Benard, analoza ine. Anati Triza si wapakamwa, sakatichititsa manyazi. Ananditengera kumunda wa kumsewu, wosatsetsereka, masamba ake anthete, kudakali kozizira. Tikhala anayima pambali ndi foni yake akuwerenga nthawi ndi kujambula, adokotala atapinda manja kumbuyo.

Amayi, inu munandilera kuti pamaso pa alendo munthu sachita ulesi. Ndinakumbukira zimenezo. Ndinazika mutu pansi ndi kuyamba kudula ngati ndikuthawa moto. Amake Justice, mayi aja anandipezera ntchito ndi kundisunga m'nyumba mwawo nditangofika, anali pamzere wapafupi. Ndinawamva akutsokomola, kenaka akuyimba nyimbo ya kumaliro mokoka kwambiri. Ndinaganiza kuti akumbukira malemu amuna awo. Pambuyo pake anandiuza m'Chilomwe, osandiyang'ana, kuti mwanawe chepetsa. Ndinamva, koma maso a alendo anali pa ine, ndipo manyazi anandikankha kuposa mawu awo. Ola limodzi litakwana anayika dengu langa pasikelo, adokotala anavula magalasi n'kuyang'ananso kachiwiri. Tikhala anandiombera m'manja. Sindikubisireni, tsiku limenelo ndinasangalala. Kunali koyamba munthu wophunzira kundifunsa dzina.

Ndinali ndisanadziwe lamulo la kuno limene palibe amene amakuuza: munthu wa wotchi akakuyimirira pamutu, umagwira monga umagwirira tsiku lililonse, kapena kucheperako. Zimene waonetsa mlendo m'mawa, amadzazifuna kwa aliyense mpaka madzulo. Tsiku lomwelo masana manja anga analephera ngakhale kumasula mfundo ya chitenje, koma alendo anali atapita kale.

Ndinayesa zatha. Ndiye Lolemba lapitali mlonda wa kuofesi anabwera ndi nyuzipepala kumpopi. Amayi, ndilimo. Chithunzi chachikulu, nditawerama, nditavala duku lofiira lija munandigulira, ndipo dzina langa lili m'munsi mwake. Chizungu chake chinandikulira, ndiye aphunzitsi a kupulayimale ya pa esiteti anatimasulira tonse titazungulira. Akuti Tikhala wapambana mphotho yoyamba pa mpikisano wa ophunzira za bizinesi, ndipo sukulu yake ikunyadira kwambiri. Akuti adokotala aja ndi katswiri wodziwika, ndipo anena kuti ndi masizasi mayi mmodzi angathe kugwira ntchito ya amayi awiri kapena atatu. Aphunzitsi atafika pamenepo anasiya kuwerenga. Madzi anasefukira m'ndowa, palibe anakumbuka kutseka mpopi.

Chiyambire tsiku limenelo dzina langa linatha. Ena akunditchula Injini, ena Pulofesa. Ndikafika kumpopi amachotsa ndowa zawo n'kumauzana kuti apatseni njira a Pulofesa, ali pachangu, akukakwera ndege. Wina anandifunsa ngati mphothoyo anandigawirako mwendo kapena phiko. Onse anaseka, ine ndinangoyang'ana zala za kumapazi. Zoseka ndikanapirira. Koma Lachitatu ndinapeza lamba la dengu langa litadulidwa ndi mpeni. Lachinayi Mwai anabwera akulira, akuti anzake amuthamangitsa, amayi awo awauza kuti asamasewere ndi mwana wa munthu wodyetsa anzake njala. Mwana wa zaka zinayi akudziwa chiyani za sikelo?

Sindingawanene kuti ndi oipa. Mphekesera ili ponseponse ndi yakuti mulingo wa tsiku ukwezedwa potengera dengu langa lija, ndipo nyengo ikubwerayi adzalemba anthu ochepa. Oyamba kutsala adzakhala amayi akuluakulu amene mapewa anatha, ngati amake Justice. Iwo akulera adzukulu atatu. Sabata yonseyi sanandinyoze, sanandipatsenso moni. Kukhala chete kwawoko ndi kumene kukundipweteka kuposa mpeni uja.

Lachisanu a Benard anandiyitanira pansi pa mtengo wa pasikelo. Anayamba ndi kuseka, akuti mlongo wanga watchuka, tsopano tizikupempha ndiwe fodya. Kenaka anati Lachinayi likubwerali alendo aja abweranso ndi anthu a kanema, ndipo abwana akufuna ndikadule monga ndinadulira tsiku lija. Akuti ndikachita bwino angandiganizire kukhala wantchito wokhazikika, wosachotsedwa mvula ikatha. Ndisanapume n'komwe, anatsitsa mawu n'kunena kuti ndikumbukire kuti ndine wanyengo chabe, nyumba ndikugonamoyi ndi ya kampani, ndipo pageti pamakhala anthu ambiri ofuna dengu. Ndinangoti chabwino bwana.

Dzulo kunabwera Tikhala yekha, pa kabaza kuchokera ku Luchenza, nsapato zili matope okhaokha. Anandibweretsera nyuzipepala yangayanga ndi chitenje chatsopano. Amayi, mtsikana ameneyu alibe mtima woipa. Anandikumbatira, akuti asisi, popanda inu sindikanapambana, ndipo mphothoyi yandipezera malo opitiriza maphunziro. Amayi ake akuti amagulitsa tomato ku Ndirande, ndipo analira ataona mwana wawo m'nyuzi. Tikhala amaganiza ndithu kuti masizasi atithandiza, kuti tizidula wambiri ndi kulandira bwino. Anapatsa moni amayi amene anakhala m'makhonde, koma palibe anayankha. Anandiyang'ana modabwa n'kufunsa ngati kwagwa maliro.

Ndinafuna kumufotokozera zonse, koma sindinadziwe poyambira. Ndinamupatsa mpando, ndinamuthira madzi, ndinakhalanso pansi. Iye akuyankhula, ine ndikungopotokola ngodya ya chitenje chija. Atanyamuka kuti azipita, ndinamuperekeza mpaka pa mlatho, ndipo pamenepo ndi pamene mawu anatuluka, ochepa chabe. Ndinamupempha kuti Lachinayi asabwere m'mawa wokha. Abwere kumunda wa kuphiri kumene timagwira masiku onse, ndipo akhale nafe mpaka sikelo yomaliza ya madzulo. Anandifunsa chifukwa chake. Ndinangomuonetsa mikono yanga mmene yatupira.

Anaiyang'anitsitsa mikonoyo. Kenaka anayimbira adokotala pomwepo, nkhope itasintha. Anayankhula Chizungu chothamanga, ndinangotolapo dzina langa. Atamaliza anandiuza kuti adokotala avomera, akuti kuyeza tsiku lonse n'koyenera ndipo apempha abwana. Koma anandiuzanso mosabisa kuti nyuzipepala yatuluka kale, sangayibweze, ndipo sakudziwa ngati abwana adzamvera zotsatira zatsopano. Anapepesa kawiri. Chitenje chija ndachibisa pansi pa mphasa, sindingachivale kuno.

Nkhani siigona pa esiteti. Dzuwa lisanalowe a Benard anadutsa pakhomo panga pa njinga. Sanatsike. Anangoti amva kuti Injini yayamba kuyankhula, tidzaona Lachinayi ngati ili ndi mafuta obwererera kwawo.

Atangopita anatulukira amake Justice. Ndinayesa abwera kudzandilalatira. Sanandipatse moni. Anatenga dengu langa pakhoma, anakhala pakhonde, n'kuyamba kusoka lamba lija ndi ulusi wa thumba. Akusoka choncho anati ndine chitsiru, koma chitsiru chake ndi chawo, chifukwa anandibweretsa kuno ndi iwo. Anati tsiku lija anayimba nyimbo ya maliro mpaka kukhosi kuwawa, ine ndikungothamanga ngati nkhuku yodulidwa mutu, kuyiwala kuti kuthamanga si kufika. Ndinayamba kulira. Anandiuza kuti ndisiye, misozi siyikwera pasikelo. Kenaka anati Lachinayi adzatenga mzere woyandikana ndi wanga. Ndidzayende phazi limodzi ndi iwo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, osazengereza dala, osathamanganso. Ndikadzawapitirira ngakhale chitsamba chimodzi, ndisadzawatchulenso amayi. Anapachika dengu pamalo pake n'kumapita.

Amayi, ndikuopa. Ndikuopa makina a kanemawo, ndikuopa maso a abwana, ndikuopa kuti manyazi aja adzandigwiranso miyendo n'kuyamba kuthamanga ndekha osafuna. Ndikathamanga, ntchito ndiisunga, mwina ndi nyumba yomwe, koma ndidzatunga bwanji madzi kumpopi kuja? Mwai adzasewera ndi ndani? Ndikayenda ndi amake Justice, a Benard sadzandikhululukira. Sanganditulutse tsiku lomwelo, koma mvula ikatha dzina langa silidzamvekanso pageti. Ndaganiza mpaka mutu kuwawa. Ndapemphera. Njira yopanda minga sindinayipeze.

Ndiye pempho langa ndi limodzi lokha. Pa Khirisimasi ndinanena pamaso pa amalume kuti kamunda kanga ka kutsidya kwa mtsinje mukapereke kwa Angella ndi amuna ake mukangokolola, popeza ine ndakhazikika ku Thyolo. Ndinayankhula msanga. Chonde kawauzeni amalume kuti ayambe adikira, asakaonetse malire. Angella m'bale wanga, ndikudziwa kuti ukuwerenga ndiwe ndipo mawu awa akukulasa. Ndikudziwa kuti alamu anayamba kale kututira manyowa kumeneko. Usandikwiyire. Zikandiyendera bwino kuno, kamundako ndi kako monga ndinanenera. Koma zikavuta, ndilibe pena poti ndingayike khasu ndi kudyetsa mwana. Mundisungirekonso mbewu ya nandolo, ngakhale ya m'kambale.

Musatumize munthu kuno, ndipo achimwene a Amosi musawauze kaye. Mukuwadziwa mtima wawo, angabwere kudzakangana ndi akapitawo n'kuonjezera moto. Wina akabwera ndi nyuzipepala ija kumudziko, musanyadire nayo pagulu. Ingoyang'anani duku lanu, muipinde, muisunge.

Lachinayi m'mawa, mukamapita kumunda, munditchule m'pemphero. Musapemphe kuti ndidule wambiri. Mupemphe kuti maso anga akhale pa mapazi a amake Justice, osati pa alendo. Munandiphunzitsa kulemekeza mlendo, ndipo sindinayiwale. Koma mlendo adzakwera galimoto madzulo, ine ndidzatsala ndi amene anandisokera lamba.

Mupereke moni kwa amalume ndi azakhali, kwa achimwene ndi alamu, kwa Angella ndi amuna ake, ndi kwa amayi a chigwirizano amene amandifunsa. Mwai wadzuka tsopano, akuti agogo amusungire chimanga chachiwisi chachikulu kuposa cha aliyense. Sindinamuuze kuti mwina adzakathyola yekha.

Kalatayi ndipatsira kondakitala wa minibasi ya ku Phalombe mawa ku Luchenza. Ikamakufikani, mwina Lachinayi lidzakhala litakwana.

Tsalani bwino amayi, Mulungu akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Triza

Ndamaliza kulemba Lamulungu, pa 9 Malichi, nthawi ya 4 koloko madzulo, mvula isanakate.