Magazi Anga Anawataya

Lolemba, 6 Juni 2011

Mvula m'mawa wonse. Pamsika wa May Pen, kuno ku Jamaica, anthu ochepa, zilazi sizinayende, tsabola yekha. Mwana wanga Tashika wabwera kuchokera kusikelo atakwinya nkhope. Akuti lisanafike tsiku lake lochira, wachibale akapereke magazi m'dzina lake, abweretse kapepala. Za masiku onse. Mwini mimba, Orville, ali ku Canada kuminda ya maapozi mpaka Novembala. Azichimwene ake a Orville onse mwadzidzidzi akuopa singano. Amuna athunthu, ndevu mpaka pachifuwa! Ndipita ndekha. Mwana ndi wanga, mdzukulu woyamba ndi wanga.

Lachinayi, 9 Juni

Ndapereka. Namwino wachitsikana, dzina lake Gayle, manja ozizira. Mafunso mbwee. Amuna angati chaka chino? Ndati chimwalilire bambo a Tashika ndimagona ndi wailesi. Waseka mpaka kugwetsa cholembera. Thumba ladzaza msanga. "Magazi a mayi wa pamsika awa, sachita ulesi," watero. Ndabwerera ndikudzimva. Tashika wandikumbatira chammbali chifukwa cha chimimbacho.

Lachiwiri, 21 Juni

Foni yochokera kunkhokwe ya magazi, ndili pakati potsatsa. Akuti ndipiteko ndekha, pafoni sanganene. Mayi wina ndamupatsa chenje kawiri.

Lachitatu, 22 Juni

Si Edzi. Ndiyambe ndalemba zimenezo.

Koma magazi anga anawataya. Thumba lonse. Muli kachilombo kotchedwa HTLV-1. Kuno ku Jamaica n'kofala, n'chifukwa chake thumba lililonse amaliyeza lisanafike kwa wodwala. Gayle walankhula pang'onopang'ono ngati akuuza mwana. Ambiri amakalamba nako osadwala. Ena ochepa miyendo imauma. Ena ochepa khansa ya m'magazi. Mankhwala ochotsera palibe. Kamalowa kudzera m'magazi, kwa mwamuna, koma makamaka m'mkaka wa m'mawere, mwana akayamwa nthawi yaitali. Ndipo khansayo imakonda amene anakatengera kubere.

Wandifunsa ngati kwathu wina anamwalira ndi khansa ya m'magazi. Achimwene anga a Lascelles. Zotupa m'khosi, khungu kusupuka, miyezi yochepa basi. Ife tinkati anawalodza anzawo a kumunda wa nzimbe. Tinadana ndi banja lonse la anthu osalakwa. Chikhalirecho tinayamwa bere limodzi.

Kenako funso lina. "Mwana wanu woyembekezerayo anayamwa mpaka liti?"

Ndinangoyang'ana khoma.

Lamlungu, 26 Juni

Kutchalitchi pakamwa pokha ndiye pamayimba.

Tashika anayamwa mpaka atayamba kutukwana. Zaka pafupifupi zitatu. Msika wonse ukudziwa, chifukwa ndinkanyadira. Ankabwera chothamanga pakati pa madengu, kukweza bulauzi yanga yekha, makasitomala akuseka. Ine n'kumanyoza amayi a mabotolo kuti ndi aulesi, ana awo ofooka ngati nkhuku za chizungu. Chitini cha mkaka sichinalowepo m'nyumba mwanga.

Lero waphika mpunga wa nyemba. Akuti kamwana kakumenya mateche. Wagwira dzanja langa kuliika pamimba. Za kachilomboka sindinamuuze. Wamantha ine.

Lachisanu, 1 Julaye

Ndamuuza, tikuchapa timatewera tatsopano. Anasiya kuchapa, manja m'madzi. Kenako, "Ndiye mukuti mukufa, amayi?" Ndati ayi, mwina ayi, nkhani si ine. Akayezetse, chifukwa ngati ali nako mwanayo asayamwe.

Wakalipa. "Munapitiranji kukapereka magaziwo? Bwenzi tili pa mtendere!" Ndakalipanso, kuti mtendere wa a Lascelles uja ndiye ukuufuna? Mawu oipa. Walowa m'chipinda, matewera ndayanika ndekha.

Lolemba, 4 Julaye

Wapita kukayezetsa osandiuza. Ndaona kathonje pamkono.

Lachiwiri, 19 Julaye

Ali nako.

Sanalire. Ine ndalira mokwanira anthu awiri, kuseri kwa bafa. Dokotala akuti botolo kuyambira tsiku loyamba, mpata woti mwana atenge ukhala wochepa kwambiri. Orville nayenso adzayezetse akabwera.

Tashika wandigwira pamkono mpaka zikhadabo kulowa. "Orville asamve pafoni, amayi. Akangomva zoti kachilombo, zinazo samvanso. Ndidzamuuza maso ndi maso." Ndalonjeza.

Ndadutsa kusitolo kukaona mtengo wa mkaka wa m'chitini. Ndabweza chitini pashelefu mwaulemu ngati cha eni.

Loweruka, 23 Julaye

Asewere anga a Pearline, amayi ake a Orville, abwera ndi chipewa chawo cha kutchalitchi ngakhale ndi Loweruka. Abweretsa phala la chimanga ndi nsomba za msuzi, ati zimabweretsa mkaka. Maso awo samaphonya kanthu. Aona mabotolo pawindo.

"Izi n'zachiyani, a Novelette? Inuyo si uja munkatilalikira za bere? Masiku ano mtsikana wathanzi akagwira botolo, anthu amadziwa chimene akubisa."

Ndati ndi mphatso ya kuntchito kwa Tashika. Bodza lopanda miyendo. Atapita, Tashika wadya msuziwo wonse ali chiimire, misozi ikugwera m'mbale.

Usiku uliwonse pemphero ndi limodzi. Mwanayu yekha apulumuke. Zithere pa ife.

Lachitatu, 3 Ogasiti

Mwamuna! Wabadwa m'mawa, tsitsi bii, mawu ngati kondakitala. Tashika ali bwino. Magazi sanafunike n'komwe.

Ndamunyamula. Mphuno ya a Lascelles. Ndachita mantha, kenako ndaseka, kenako sindikudziwa.

Lachinayi, 4 Ogasiti

Tsiku loipa.

Muwodi mabedi onse amayi akuyamwitsa. Pakhoma chithunzi chachikulu cha mayi akumwetulira, mwana kubere. Wathu yekha botolo. Amayi a pabedi loyandikana ayamba kale kunong'onezana, wina wasuntha kapu yake.

Nthawi yoona odwala a Pearline atulukira. Mwana akulira. Iwo amutenga, amuika pachifuwa pa Tashika, ayamba kumasula mabatani ndi manja awo. "Tamuyamwitse mdzukulu wanga, iwe. Mawere adzaza chonchi ukusungira ndani?"

Kamwana katsegula kukamwa, kakusakasaka. Ndinaona dzanja la Tashika likukwera lokha kukagwira bere. Akanangolola, manong'onong'o onse akanatha pomwepo.

Tashika anabweza dzanja. Anatseka bulauzi. "Ayi, amayi. Sayamwa." Mawu ang'ono koma wodi yonse inamva.

A Pearline anafunsa chifukwa. Ndinayamba kufotokoza ine, kuti si chimene akuganizacho, n'kachilombo kena, kochokera kwa ine, kwa amayi anga. Anangomva liwu limodzi lomwelo, kachilombo. Anatola chikwama. Pakhomo anatembenuka. "Mwana wanga akuzizidwa kunja kuja chifukwa cha inu, inu mukumusungira manda."

Ndinafuna kuwathamangira ndiwavule chipewacho. Tashika anati, "Asiyeni. Ndipatseni botolo."

Sindinayambe ndamunyadirapo chonchi. Sindinayambe ndadzidapo chonchi.

Lamlungu, 7 Ogasiti

Tili kunyumba. Orville amaimba Lamlungu lililonse akaweruka kumunda. Lero foni ili duu patebulo. Tashika waimba kawiri, ikungoitana. Chithunzi cha mwana anachiona, sanayankhe.

Kutchalitchi sindinapite. Mnzanga wa pabenchi loyandikana pamsika watumiza uthenga wofunsa ngati zimene akumvazo n'zoona. Mudzi uno nkhani imayenda kuposa takisi.

Namwino Gayle ndinamuimbira. Akuti Orville akabwera Tashika apite naye, akamufotokozera yekha. Ndati ngati angabwere. Chitini choyamba chatsala theka.

Lachiwiri, 9 Ogasiti

Mkaka wabwera mwamphamvu. Mawere a Tashika atupa, olimba ngati miyala, thupi kutentha. Mwana akangolira, bulauzi yonse nyowe. Ndatenga masamba a kabichi ozizira, ndamuika, ndang'amba nsalu ya pabedi kuti ndimumange pachifuwa. Manja omwewa amene ankamunyamula kumuika kubere. Ndimamanga mofewa. Iye, mano ali gwa, "Kokani, amayi. Kokani kwambiri, uume."

Ndakoka.

Mwana anayambanso kulira pabedi. Tashika anatembenukira kukhoma, manja m'makutu. "Mutulutseni. Akundinunkhiza. Ndikamuyang'ana ndimupatsa."

Ndatuluka naye pakhonde, dzuwa lili pamutu, botolo m'dzanja. Wakana. Walavula, wapotoza kamutu. Kenako wapeza chifuwa changa. Wayamba kufwenkha pa diresi ndi kamphuno, kukamwa yasa, akufuna bere langali. Langa lomweli.

Ndamuchotsapo. Walira mpaka kufiira, m'nyumba mayi ake akuliranso. Ndakhala naye patali ndi thupi langa, manja otambasula ngati mwana wa mlendo, mpaka wavomera botolo.

Akumwa. Akundiyang'ana.