Maliro a Pikiselo

Loweruka, 5 Okutobala

Yafika. Monita ya magemu, mainchesi 27, yakuda bii. Alamu anga a Lawson, achimwene ake a mkazi wanga Triza, abwera nayo okha pa galimoto kuchokera kushopu yawo ku Lilongwe. Akana kuitumiza pa minibasi, ati makondakitala angaikhalire ngati thumba la utaka. Anachita kuiitanitsa ku Joni. Phindu sanaikepo, poti ndine mlamu.

Ine Chrispin, zaka 41, mphunzitsi wa Sitandade 7, mkulu wa mpingo, ndakumbatira katoni pakhomo anthu akuona.

Ndayesa kumufotokozera Triza. Yakale ija imasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, iyi ka 165. Mpira umayenda myaa, osadumphadumpha. Wandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye kuti ndi TV yopanda nkhani?" Basi, wabwerera kokapala chambo cha achimwene ake.

Alamu adya, anyamuka msanga. Ati kutentha kwa Chipoka kukuwasungunula. Mwayi wanga Tamanda ali kusukulu yogonera konko. Akanawaseka bambo ake mpaka mawa.

Lamulungu, 6 Okutobala

Ulaliki wa lero sindinaumve. Maso kuguwa, mtima kunyumba. Ambuye andikhululukire.

Masana mpira pa intaneti ndi Masautso, mnzanga wa kukoleji amene ali ku Mzuzu. Zaka zitatu ndakhala ndikumuuza kuti amandichinya chifukwa cha monita yakale. Lero pa yatsopano: 4 kwa 0. Zigoli zonse zinayi ndaziona bwino kwambiri, myaa.

Koma pali tinthu. Chithunzi chikada, ngodya ya m'munsi kumanzere imawala chikasu, ngati wina wabisa tochi m'bulangete. Wosewera akathamanga, kumbuyo kwake kumatsalira chithunzithunzi, ngati mzukwa wake ukumulondola. Ndasinthasintha masetingi. Mzukwa wakuda wachoka, wabwera woyera. Ndabwezera pakatikati. Odziwa pa intaneti akuti kuwala kwa m'ngodyako ndi chibadwa cha masikirini a mtundu umenewu, si matenda. Chabwino. Koma ndayamba kuiyang'ana mmene ndimayang'anira ana pa mayeso.

Lachiwiri, 8 Okutobala

Kadontho. Kakuda, kochepa ngati njere ya mpiru, kumtunda chakumanja, pafupi ndi pomwe amaima goloboyi wanga.

Ndapukuta ndi mpango. Kalipo. Ndi nsonga ya chitenje yonyowetsa. Kalipo. Ndauzira mpweya ngati ndikukoleza mbaula. Kalipo.

Ndaika sikirini yonse yofiira, kenako yobiriwira, yabuluu, yoyera. Monsemo kalipo. Dzina lake ndalipeza: pikiselo yakufa. Timagetsi ting'onoting'ono mamiliyoni, kathima kamodzi, ndipo maso anga sakuonanso china koma komweko. Ndamata selotepi m'mphepete kuloza pamene kali, ngati wapolisi pamalo a ngozi. Makope a masamu osachonga akundiyang'ana pampando.

Ndawaimbira alamu. "Alamu, ndinaiyesa ndekha isanachoke kuno, inalibe banga. Tatumizani chithunzi." Ndajambula kasanu ndi katatu. Pafoni kadontho sikakuoneka. Ikuoneka ndi mphuno yanga.

Lachinayi, 10 Okutobala

Ndachita chinthu.

Dzulo alamu anati adzaiona kumapeto kwa mwezi. Ali ndi oda yaikulu ya makompyuta ya loji ina ku Senga Bay, sangachoke pashopu. Analankhula mofatsa. Kufatsako ndi kumene kunandikwiyitsa. Masautso naye n'kusonkhezera: "Amwene, akuponderani. Zimenezo ndi zija anthu amabweza m'masitolo a ku Joni."

Lero pa buleki, pansi pa mtengo wa mango, ndalemba pa gulupu ya pafoni ya banja la kwawo kwa Triza. Anthu 37. Ndikopera pano kuti ndisadzakane: "A Lawson andigulitsa monita ya pikiselo yakufa, akudziwa. Ngati akutero kwa mlamu wawo, nanga kwa anthu wamba? Samalani nawo."

Oyamba kuyankha, azakhali a Molly a ku Chinguluwe: "Pepani kwambiri. A Pikiselo ndi a kuti? Maliro ali liti?"

Anthu aseka. Alamu sanaseke. Pasanathe mphindi khumi foni yandiuza kuti atuluka mu gulupu.

Ndinamva ngati ndagoletsa. Mpaka belu lolowera m'kalasi.

Lachisanu, 11 Okutobala

Triza akundiitana "aphunzitsi". Zaka 16 ndakhala bambo a Tamanda. Lero: "Aphunzitsi, madzi ali kubafa." Tiyi wopanda shuga. Mwina mwangozi.

Mawu ena amene walankhula tsiku lonse ndi awa okha: "Achimwene aja ndi eni mbumba. Tsiku la chinkhoswe cha Tamanda mudzaitane monita."

Ndayankha kuti chilungamo ndi chilungamo, chilibe mlamu. Ndakweza ndi chala chomwe, ngati ndili pa asembule. Womvera panalibe, anali atatuluka kale.

Lamulungu, 13 Okutobala

Sindikudziwa poyambira.

Titaweruka kutchalitchi ndayatsa. Selotepi ili pamalo pake. Kadontho palibe. Mtima phaa, ndimati chozizwitsa. Kenako ndakaona, m'munsi pang'ono, mtunda wa chala chimodzi. Pikiselo yakufa yasamuka.

Ndayandikitsa nkhope. Kakuyenda. Pang'onopang'ono, kulowera kumanzere, mosatekeseka. Kanyerere. Kaja kakang'onong'ono kolowa m'shuga, kali mkati, kuseri kwa galasi. Masiku asanu onsewa kaya kanapanikizika, kaya kamaothera kufunda, kaya kamaonera ndikuchinyidwa.

Munthu wanzeru akanazimitsa monita n'kuyatsa tochi pambali kuti katuluke kokha. Zimenezo ndawerenga pambuyo pake. Ine ndadina ndi chala chachikulu. Mwamphamvu.

Tsopano kafadi. Kadontho kasanduka banga la miyendo, ndipo mozungulira mwatsala kamtambo kotuwa, kukula kwake ndendende chala changa.

Potembenuka, Triza ali pakhomo, lichero m'manja. Waona zonse. "Ndiye a Pikiselo mwawapha nokha." Sanaseke. Bola akanaseka.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la Anakubala. Tonse kwa apongozi ku Chinguluwe. Nkhuku ziwiri, mpunga wa m'munda mwawo momwe. Alamu sanabwere, koyamba chimwalirire bambo awo. Apongozi maso kumsewu galimoto iliyonse ikamveka. Sanandifunse kanthu. Angondiikira m'mbale nthutumba, imene chaka chilichonse amasungira mwana wawoyo.

Pobwerera, mu minibasi, Triza wandiuza motsitsa mawu. Msuweni wina anatumiza uthenga wanga uja ku gulupu ina, kumeneko wina anautumizanso kwina. Wafika kwa manijala wa loji ya ku Senga Bay, mayi Raisa. Oda aiimitsa. Makompyuta alamu anali ataitanitsa kale, angokhala m'makatoni kushopu. Miyezi inayi akuithamangira oda imeneyi.

"Za nyerere sindinauze munthu," watero. "Pakamwa ndi panu."

Ulendo wonse ndayang'ana pawindo. Galasi lake losweka kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo palibe wokwera ndi mmodzi yemwe amene wadandaula.

Lachitatu, 16 Okutobala

Kupepesa. Ndalemba kasanu ndi kawiri. Koyamba ndinayamba ndi "Ngakhale". Kachiwiri ndi "Ngati ena anakhumudwa". Kachitatu mlandu wonse unagwera nyerere. Teremu iliyonse ndimaphunzitsa ana kalata yopepesa, malikisi 20. Ndadzichonga ndekha: 3. A deti ndi adiresi.

Sindinatumize.

Loweruka, 19 Okutobala

Mulungu ali ndi nthabwala.

M'mawa, gemu ili mkati, mzere. Wobiriwira, wowongoka ngati wojambula ndi rula, kuchokera pamwamba mpaka pansi, chakumanzere, kutali ndi manda a nyerere. Ukuphethiraphethira. Ndasintha chingwe, ulipo. Ndasintha pobayira, ulipo. Ndikatsitsa pa 60 ukutha. Ndikakweza pa 165 ukubwerera. Uwu ulibe miyendo. Awa ndi matenda enieni a sikirini.

Ndajambula kamodzi kokha. Waoneka bwinobwino, ngakhale azakhali angauone opanda magalasi.

Ola lathunthu chithunzi chili m'manja. Ndikangochiponya pa gulupu, ndine wolungama. Ndani adzafunsenso za kadontho? Onse adzati Chrispin ananena. Masautso akuti, "Ponyani amwene, mwaomboledwa." Iye za nyerere sakudziwa. Odziwa ndi awiri: Triza, amene ali kumsika, ndi nyerere, imene singachitire umboni.

Chala chomwe chija chinali pamwamba pa batani lotumizira. Ndachiyang'ana. Chachita zokwanira mwezi uno.

Ndatsitsa pa 60. Ndavundikira ndi nsalu ya patebulo.

Lolemba, 21 Okutobala

Ndatumiza. Osati mzere. Nyerere. Triza anaijambula dzulo ndi foni ya mnzake imene imakokera pafupi, miyendo ikuchita kuwerengeka. Pansi pake uthenga wa mawu, poti polemba ndimazemba. Ndanena zonse. Kuti a Lawson sanandinamize. Kuti kanali kanyerere ka m'nyumba mwanga momwe. Kuti ndinakapha ndekha. Kuti ndaipitsa dzina la munthu amene sanadyepo phindu pa ine, ndipo amene anatumiza bodza langa kwina atumizenso ichi.

Oyamba kuyankha pa gulupu, azakhali omwe aja: "Mzimu wa nyerere uuse mumtendere." Kenako chipwirikiti. Wina wandipangira kale chithunzi, mutu wanga pa thupi la nyerere, taye ili m'khosi. Chafika kwa aphunzitsi anzanga tisanaweruke. Ahedi andipatsa moni akuyang'ana kumbali, masaya akunjenjemera.

Triza watumizira achimwene ake. Zikuonetsa kuti amvera. Yankho palibe.

Tiyi wa madzulo anali ndi shuga.

Loweruka, 26 Okutobala

Alamu abwera osanena. Moni wamwambo, dzanja lozizira. Molunjika ku monita. Avundukula nsalu, ayang'ana mtembo nthawi yaitali, mapewa akugwedezeka. Sindinadziwe ngati n'kuseka. Kenako aona kuti ili pa 60. Akweza okha. Mzere uja ngwee.

"Uwu unayamba liti?" Ndati Loweruka lapitalo, ndisanapepese. "Ndiye bwanji simunauponye pa gulupu?" Andiyang'ana m'maso, koyamba chilowere m'nyumba.

Akuti mzerewo ndi wa kufakitale, a ku Joni akanasintha popanda mafunso. Koma kamtambo ka chala kaja kakuonekeratu, adzati mwini wake anaipanikiza. Galanti yafa. Wakupha ndi yemwe uja.

Za oda sizinasinthe. Mayi Raisa akuti uthenga wa mawu aliyense angajambule, mwina akubanja anandikakamiza. "Alamu, kupepesa kwanu ndalandira. Koma ana anga sangadye pepani." Sanakalipe. Ndi zoona chabe.

Ndafunsa choti ndichite. Ati palibe. Chakudya akana, ati ali ndi ulendo. Triza wawaperekeza mpaka pa galimoto, wabwera maso ofiira, ati ndi fumbi.

Lolemba, 28 Okutobala

Ndapempha tsiku kwa ahedi. Minibasi mpaka paboma, ina mpaka Senga Bay, kenako kabaza, monita pamiyendo nditaikumbatira ngati mwana wodwala. Taye, nsapato zopolisha, thukuta mpaka m'masokosi. Wakabaza wafunsa ngati ndikugulitsa. Ndati ayi, ndi umboni.

Alamu sakudziwa kuti ndili kuno. Monitayi Triza waikulunga m'chitenje chake chatsopano, ndipo wandithamangira mpaka kumsewu ndi chingwe cha magetsi, ine nditachiiwala pampando.

Ndili pabenchi kunja kwa ofesi ya loji. Ola lachiwiri. Ndikulemba kuti manja apeze chochita.

M'njira ndimati ndingowaonetsa mayi Raisa nyerere basi, za mzere ndisatchule. Ndasintha maganizo pa kabaza. Ndinena zonse. Kuti mzere ulipo, ine ndinaubisa, ndipo amene anakweza pa 165 n'kuuvumbula ndi mwini katundu yemwe, wina asanamufunse. Ngati munthu wotere sangamukhulupirire, ndiye kaya. Mwina zithandiza. Mwina ndiwononganso. Ine pa zowononga mbiri ndili nayo.

Alendo awiri odutsa ndi matawulo andiyang'ana, ayang'ana chitenje, asiya njira.

Mayi wa pa risepushoni watuluka. Wandiyang'ana nkhope, wayang'ana foni yake, wandiyang'ananso. "Pepani bambo, ndinu a nyerere aja?"

Ndavomera. Ndine.

Akuti ndilowe, koma mayi Raisa ali ndi mphindi zisanu zokha. Chingwe chili kuti